Mwana Amene Ndinamuona Asanabadwe

Ndinakwatiwa pa famu ya fodya kufupi ndi Macheke, m'komboni momwe ana ambiri anabadwira m'manja mwa apongozi anga. Anali mzamba. Anachoka ku Tete wapansi pa nthawi ya nkhondo, akukoka padzanja mwana mmodzi yekha amene anawatsalira, yemwe anadzakhala mwamuna wanga. Ine ndinabadwira m'mafamu momwemo. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kutchona, moti kwathuko ndinkangokumva m'kamwa mwa anthu.

Apongozi anga anali munthu wochepa thupi, wosakweza mawu, kolona ili m'khosi tsiku ndi tsiku. Akafika pamene amayi akukangana, mkangano unkazima wokha. Ine ndine wa mtima wapachala. Ndinayankhapo kapitawo mawu amene anandikhalitsa pakhomo sabata yathunthu osagwira ntchito. Koma pamaso pa mayi amenewo lilime langa linkalemera.

Mimba yanga yoyamba inathera m'nyumba mwawo. Matenda anayamba m'mawa, ndipo pofika masana ndinali nditataya magazi ambiri moti denga linkazungulira. Ndikukumbuka amayi awiri achikulire atandigwira mawondo, ndikukumbuka kupepukidwa kuja mwana akatuluka. Kenaka ndinamva kulira. Kamodzi kokha, kosasa, kotulukira m'mphuno. Pamene ndinkatsitsimuka dzuwa linali litapendeka, m'nyumba mosesedwa bwino, mwana mulibe.

Anandiuza kuti inali nthayo. Nthayo, mwana wobadwa wakufa, ilibe maliro. Amayi achikulire okha ndiwo amainyamula kukaikwirira kudambo, mwamsanga, make asanaione. Palibe kulira, palibe kufunsa, ndipo mwamuna sayandikirako n'komwe.

"Amayi, komatu ine ndinamva akulira," ndinatero tsiku limene ndinatha kukhala tsonga.

"Munamva mbuzi, muroora," anayankha apongozi. Ankanditchula choncho, m'Chishona, monga aliyense m'komboni ankatchulira mkazi wa mwana wake. "Kamwana ka mbuzi kanali pakhonde apa. Magazi akatha m'thupi makutu amanama."

Mbuzi zinalipodi m'komboni. Ndinawameza mawuwo. Mkaka unkanyowetsa diresi langa ndili kumunda, ine ndikungoufinyira pansi kuseri kwa mzere wa fodya, osauza munthu.

Panapita zaka ndisanaimenso. Pamene mimba yachiwiri inabwera, chapakati pa zaka za m'ma 1990, inakula modabwitsa. Pofika miyezi isanu ndi iwiri ndinkayenda ngati ndasenza mtsuko kutsogolo, mpweya ukundithera ndikangowerama. Anzanga m'shedi yosankhira fodya ankandiseka kuti ndameza belo, ena akuti ndi mapasa ndiyambe kupempha matewera. Ndinkaseka nawo, koma mtima unali m'mwamba.

Namwino wa boma ankabwera pa famu ndi galimoto kamodzi pamwezi kudzachititsa sikelo pansi pa mtengo. Anandiyeza mimba ndi tepi, n'kuyezanso, n'kukwinya nkhope. Anati madzi achuluka kwambiri, ndipo iye sangadziwe chifukwa chake ndi manja okha. Ndipite ku chipatala chachikulu ku Harare, kumene kuli makina ounikira m'mimba, akaone mmene mwana alili.

Apongozi atamva anafunsa: "Kusuzumira m'mimba? Mwana asanabadwe ndi wa Mulungu, si woti anthu azimuonera ngati bhaisikopo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, muroora. Wam'mimbayo sanakhale wanu."

Sikuti ankadana ndi zachipatala. Iwo omwe anaphunzitsidwako ndi anamwino, anali ndi kabokosi ka malezala atsopano, ulusi ndi sopo. Koma zosuzumirazi anazikana kwamtuwagalu. Amuna anga, munthu wofatsa woti ntchentche ingatere pamphuno osaiingitsa, sanatenge mbali pakati pathu. M'mawa mwake anabwera n'kundinong'oneza kuti apempha malo pa lole yonyamula mabelo kupita kumsika wa fodya. Ndicho chinthu choyamba chimene ndinawaona akuchita mosemphana ndi mayi awo.

Namwino anali atandiuza kuti ndimwe madzi ambiri ndipo ndisataye mpaka atandiunika. Amene ananena zimenezo sanakwerepo lole ya famu. Pa bampu iliyonse kuchokera ku Macheke, kudutsa Marondera mpaka kulowa mumzinda, ndinkatchula mayina a oyera mtima onse amene ndinkawadziwa. Pabenchi yodikirira ndinakhala pakati pa amayi a m'tauni onunkhira mafuta, ine ndikubisa zala zanga zodetsedwa ndi fodya pansi pa chitenje, miyendo nditaipinga.

Chipinda chounikiracho chinali cha mdima ndi chozizira. Munali bedi lalitali ndi makina okhala ndi galasi ngati la wailesi yakanema ya kuholo ya mowa. Dokotala wake anali mayi wamsinkhu wanga, Mshona, wovala magalasi.

"Rarai apa, amai. Musatya," anatero akusisita pabedipo, ndipo ndinagona, ngakhale mantha sanandichoke.

Anandipaka pamimba mafuta ozizira oterera, n'kuyamba kuyendetsapo kachipangizo konga chidutswa cha sopo chomangirira kuchingwe. Pagalasi panangooneka zotuwatuwa zikuvundukana. Ndinati mumtima: ulendo wonse uja, chikhodzodzo chili pafupi kuphulika, kudzaonera phulusa?

"Uwu ndi mutu," anatero dokotala, chala chili pagalasi.

Ndipo unalidi mutu. Ukangouona kamodzi sungathenso kusauona. Anauyeza uku ndi uku, akudina timabatani. Anandionetsa fupa la ntchafu, nalonso n'kuliyeza, akuti likugwirizana ndi miyezi yake. Anandionetsa msana, timikanda toyera tondondozana ngati kolona ya apongozi anga, ndipo anatsatira ndi chala kuchokera kukhosi mpaka kumunsi, akuti watsekeka bwino. Kenaka kanthu kena kophethiraphethira pakati pa chifuwa. Anapotokola kabatani, chipinda chonse n'kudzaza ndi phokoso: gugugugu, mothamanga ngati munthu akuthawa.

"Mtima uwo. Zipinda zake zinayi zonse zilipo."

Misozi inatsikira m'makutu chifukwa ndinali chagada. Mwana woyamba uja sindinamuone ngakhale chala, ndipo uyu ndinkamuona akupinda mwendo, akuutambasula, ine ndikumva kukankhako m'nthiti nthawi yomweyo. Dokotala anafunsa ngati ndikufuna kudziwa kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Ndinakana. Pamenepo pokha ndinati mwambo ukhale.

Ndiyeno dokotala uja anasiya kulankhula.

Munthu amene wakhala akucheza nawe akangoti zii, umadziwa. Anakanikiza kachipangizo kaja, n'kukapendeketsa, n'kubwerera pomwe paja. Anandiuza kuti ndigone cham'mbali. Anati mwana waika dzanja kumaso, ndidzuke ndikataye madzi, ndiyendeyende pakhonde, mwina atembenuka. Ndinayenda pakhondepo. Pobwerera ndinapeza waitana dokotala wina wachikulire, ndipo awiriwo anayang'anitsitsa galasi akulankhula Chingerezi chapansipansi.

"Mundiuze," ndinatero. "Mimbayi ndi yanga. Musandinong'onezere pamutu ngati ndafa kale."

Wachikulire uja anandiyang'ana modabwa, koma wamagalasi anatembenuzira galasi kwa ine. Mwana anali atachotsa dzanja. Ankayang'ana kuno.

"Iyi ndi mphuno. Uwu ndi mlomo wam'munsi. Wam'mwambawu umayenera kukhala mzere umodzi wosaduka. Koma onani apa."

Panali kampata kakuda kochokera pamlomo kukalowa m'mphuno.

Anandifotokozera modekha. Mlomo wa mwanayo sunalumikizane pamene ankaumbika, ndipo mwina ndi kumwamba kwa m'kamwa komwe, ngakhale kumeneko makina sankaonetsa bwino. N'kutheka kuti n'chifukwa chake madzi anachuluka, poti mwana wotere nthawi zina amavutika kumeza. Zina zonse zimene anatha kuona zinali bwino. Anati si tchimo langa, si chimene ndinadya, si munthu amene ndinamuseka. Anati mlomowo amasoka mwana akakwanitsa miyezi ingapo, m'kamwamo amadzasoka pambuyo pake, ndipo ana otere amakula n'kupita kusukulu. Chovuta ndi masiku oyamba, chifukwa bele limawakanika kuyamwa. Pamafunika kufinya mkaka n'kumamwetsa ndi kasipuni, mwana atakhala tsonga. Anati ndikachirire kuchipatala basi, ndipo ndipite msanga kuchidikiro ku Marondera, chifukwa mimba ya madzi ambiri siidikira tsiku lake.

Kenaka anafunsa akupukuta mafuta aja pamimba panga: "Kubanja kwanu kapena kwa amuna anu kunabadwapo mwana wotere? Nthawi zina zimayenda m'magazi. Nanga woyamba uja anali bwanji?"

"Sindinamuone."

"Anabadwa atafa?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, monga ndinkavomerera zaka zonsezo. Koma chimene chinatuluka ndi funso. "Adokotala, mwana wotere amalira bwanji?"

"Ngati mwana aliyense," anatero. "Kungoti mwina mawu ake amamveka a m'mphuno pang'ono."

Sindikumbuka mmene ndinatsikira pabedipo. Pobwerera ndinakhala kutsogolo kwa lole manja ali pamimba, dalaivala akundifunsa ngati ndi mapasadi, ine ndikungomva kulira kuja. Kamodzi, kosasa, kotulukira m'mphuno. Ndinadziuza kuti mwina inalidi mbuzi. Ndinadziuza kuti mwina mwanayo analira n'kutsirizika yekha, amayiwo n'kundibisira nkhope yake pondimvera chisoni. Zonsezo zinali zotheka. Koma ndinakumbukiranso nkhani zimene atsikana tinkanong'onezana kuchitsime, zoti kale mwana akabadwa wosalongosoka, achikulire ankadziwa chochita make asanadzuke, n'kutuluka kukalengeza kuti inali nthayo.

Tikufika pa famu ndinali nditatsimikiza mtima: apongozi asadziwe.

Ndinawauza kuti mwana ndi mmodzi, ali bwino, koma madzi achuluka ndipo andilamula kukachirira kuchipatala. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiuza kuti ndigone pamphasa, n'kuyamba kundipapasa mimba ndi manja awo ouma aja. Thupi langa lonse linauma gwa. Ndinkaona ngati zala zawo zipeza kampata kaja kudzera pakhungu.

"Wagona bwino, mutu uli pansi," anatero. "Madzi ambiri ndawaonapo kangati? Manja angawa ayamba liti kulephera, kuti mdzukulu wanga akalandiridwe ndi alendo?"

"Ndi madokotala anena, amayi."

"Madokotala anabereka ana angati m'komboni muno?"

Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kukokana mwakachetechete. Ine ndikalongedza zovala m'chikwama, iwo ankabwera ndi phala la mankhwala ofewetsa njira. Ndinkalithira kuseri kwa khola. Ine ndikati ndinyamuka Loweruka, iwo ankauza mwana wawo kuti mwezi sunakwane, ndikangokhala kuchidikiro kudya sadza la eni pamene fodya ali mbwee m'shedi. Kapitawo naye anati wochoka pakati pa ntchito asadzayembekeze kupeza malo ake. Amuna anga anandipempha kuti ndipirire mpaka kutha kwa mwezi. Ndikadzuka m'mawa ndinkaona kabokosi ka apongozi katayanikidwa padzuwa pakhonde pawo, malezala akunyezimira.

Tsiku lina Lamulungu tikuchokera kutchalitchi ndinatsalira m'mbuyo ndi amuna anga.

"Bambo, mwana wathu uja munamuona?"

"Mwamuna amaona nthayo? Mukufunsiranji zakale?"

"Kwanu ku Tete kunabadwapo mwana wa chilema pakamwa?"

Anaima. Anathyola kaudzu n'kuyamba kukatafuna. Anati sakudziwa za chilema, anali aang'ono. Koma akukumbuka kuti anali ndi mlongo wawo amene sanatulutsidwe m'chikuta. Khandalo linkalira usana ndi usiku, masiku ambiri, kulirako kukucheperachepera mpaka kunatha. Iwo ankaletsedwa kulowa. Akukumbuka mayi awo atakhala pakhomo, mabele akudontha mkaka, mwana akulira ndi njala m'nyumba.

Ndinatsala pang'ono kuwauza. Koma munthu amene sabisira mayi ake ngakhale maloto, ndikanamusenzetsa bwanji katundu wotere? Ndinangoti mwezi ukatha ndikupita, kaya wina afune kaya asafune.

Mwezi sunathe. Unali m'mawa wa chisanu, tili m'shedi, nthunzi yofewetsera fodya ili tolo, ine nditaima patebulo ndikusiyanitsa masamba ofiirira ndi achikasu. Ndinamva kanthu kakuti phu m'kati. Nsupa inasweka, madzi n'kukhuthuka ngati wina wagubuduza ndowa, kuyenderera mpaka pansi pa matebulo. Ululu unabwera nthawi yomweyo, wosapatsa mpata.

Amayi anandizungulira ndi zitenje kuti amuna a kumakina omangira mabelo asaone. Apongozi anali kumapeto kwa shedi akumanga timitolo ta fodya. Anabwera osathamanga, akupukuta manja.

"Mugwireni, tiyeni naye kunyumba," anatero.

Manja anandigwira m'khwapa. Ine ndinakumbatira mzati wa shedi.

"Ndikupita kuchipatala."

"Muroora, musatichititse manyazi. Nthawi yatha. Tiyeni."

Anayamba kundikanganula zala pamzatipo, amayi abwinobwino, anzanga odya nawo, akundinyengerera kuti ndisalimbane ndi akuluakulu. Ndinaona chitseko cha nyumba ija m'maganizo, mphasa ija, denga lozungulira lija. Ndinadziwa kuti ndikalowamo n'kukomokanso, chimene ndidzauzidwe podzuka ndicho chidzakhale choona mpaka kalekale. Chinsinsi chimene ndinkachisunga kuti chiteteze mwana wanga ndicho chikanamukwirira. Palibe munthu pa famu yonseyo amene ankadziwa kuti ali moyo ndiponso mmene alili, kupatula ine.

Ndinakuwa. Za mimba sizinenedwa pagulu, pamaso pa amuna ndiye n'kosayamba, koma ndinakuwa kuti amve ndi a kumabelo omwe.

"Tamverani nonse! Mwana ali m'mimba muno ndi wamoyo! Ndamuona ndi maso angawa ku Harare, mtima wake ndaumva ukugunda. Ali ndi mlomo wong'ambika. Madokotala akumudziwa, akumudikira kuti adzamusoke. Asadzandiuze munthu kuti ndamva mbuzi!"

Makina a mabelo anaima. Amuna anaweramitsa mitu, ena n'kutembenukira kukhoma. Manja amene anandigwira aja anandisiya limodzilimodzi. Mmodzi mwa achikulire awiri amene anandigwira mawondo tsiku lija anaphimba kumaso ndi mpango.

Apongozi sanasunthe. Nkhope yawo sinasinthe, koma dzanja linapita pakolona n'kuigwira zolimba. Ndinamva mapazi akuthamanga: anali amuna anga, ataponya belo pansi, akulunjika kuofesi ya mzungu mwini famu kukapempha lole.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero apongozi pamapeto pake, motsitsa. "Muyalireni masaka kumbuyo kwa lole."

Anandikweza. Mnzanga wina wa patebulo langa anakwera nane n'kundikhazika pamiyendo pake. Amuna anga anakhala kutsogolo ndi dalaivala, poti kumbuyoko sikunali kwa mwamuna. Lole itayamba kulira ndinaona apongozi akubwera ndi kabokosi kawo kukhwapa, n'kuponda tayala, n'kukwera.

"Inu ayi," ndinatero. Aka kanali koyamba kuwayankha choncho.

"Akabwera panjira mumulandira nokha?"



Kuchokera pa famu kukafika pa tala ndi msewu wafumbi wa mabampu okhaokha. Ululu unkabwera wotsatizana. Ndinauza mnzanga uja kuti ndikayamba kutseka maso andimenye mbama, ndipo ndikakomoka asachotse maso pa mwanayo. Anangogwedeza mutu akulira. Apongozi anamva zonsezo. Anasamba m'manja ndi madzi a m'chigubu, anayala chitenje choyera, n'kugwada pakati pa miyendo yanga.

Sitinafike pa tala. Apongozi anamenya denga la lole ndi chikhatho kuti dalaivala aime, ndipo anaima pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu.

"Kankhani, muroora. Kankhaninso. Wafika."

Ndinamva kupepukidwa kuja. Ndinadikira kulira.

Kunalibe.

Apongozi anali ataweramira pa mwanayo, msana wawo utanditchinga. Ndinkangoona zigongono zikuyenda. Ndinaona nsonga ya chitenje ikupita kumaso kwake. Ndinayesa kudzuka, mphamvu panalibe, mitengo inayamba kuzungulira. Ndinadziluma pamkono mpaka kulawa magazi kuti ndisapite.

"Mukumutani? Ndionetseni manja anu! Mukumutani?"

Sanatembenuke. Mnzanga anasuzumira paphewa pawo, n'kundifinya dzanja. "Akumupukuta," ananong'ona. "Akumuchotsa zam'kamwa." Ndinaona mutu wa apongozi ukutsika, pakamwa pawo pakukhudza nkhope ya mwanayo. Anayamwa, n'kulavulira kumbali. Anayamwanso, n'kulavula. Anamutembenuza chafufumimba padzanja lawo n'kuyamba kumutikita kumsana mwamphamvu, akulankhula naye Chinyungwe cha kwawo chimene sindinawamvepo akulankhula ndi munthu.

Analira.

Kosasa, kotulukira m'mphuno. Kulira komwe kuja, ndendende, moti tsitsi linandiima. Koma uyu sanalekere kamodzi. Anakoka mpweya n'kuliranso, n'kuliranso, mpaka ndinamva amuna anga kutsogolo akufuula kufunsa ngati ndi mwana ameneyo.

Apongozi anamutembenuza n'kumuyang'ana kumaso. Anali mnyamata. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mchombo usanadulidwe, ine manja nditatambasula.

"Wabweranso," anatero.

Kuchokera pa nkhani ya mbuzi ija, mawu amenewo ndi okhawo amene ananenapo za mwana wanga woyamba moyo wawo wonse.

"Ndipatseni mwana wanga."

Anamuika pachifuwa panga. Kampata kaja kanali pomwe ndinakaona pagalasi, kuchokera pamlomo kukalowa m'mphuno, kofiira, konyowa. Mnzanga anatembenuza nkhope. Ine sindinadzidzimuke ngakhale pang'ono. Nkhope imeneyo ndinali nditaidziwa kale, ndinali nditagona nayo ndi kudzuka nayo milungu yonseyo, ndipo ndinaipsompsona pamphumi.

Apongozi anamanga mchombo ndi ulusi n'kudula. Lole itayambanso kuyenda anakhala pansi atatsamira chitsulo, akuyang'ana fumbi lotsalira m'mbuyo.

"Wanga analira ndi njala bele lili pakamwa, mpaka mawu anatha," anatero, osayang'ana aliyense. Patapita kanthawi anafunsa: "Amasokadi?"

"Amasoka, amayi."



Kuchipatala anamwino anandiphunzitsa kufinyira mkaka m'kapu ndi kumwetsa mwana ndi kasipuni, dontho ndi dontho, atakhala tsonga kuti usatulukire m'mphuno. Apongozi anaima kumbuyo kwanga akuonerera, ndipo anaidziwa ntchitoyo msanga kuposa ine. Titabwerera kukomboni ndi iwo amene ankaphitsa madzi otsukira kapu, ndi iwo amene ankakhala naye pamiyendo mpaka mkaka wonse utatha pamene ine manja atopa. Mayi wina atanena kuchitsime kuti ndabereka chilombo, apongozi anamulondola kunyumba kwake, ndipo sindikudziwa chimene anakamuuza, koma mayiyo anabwera ndi nkhuku kudzapepesa. Mwanayo ananenepa. Ankati akamva mawu a agogo ake, ankaseka ndi kamlomo kake kotseguka kaja.

Sindinawafunse za mwana woyamba uja. Anamwalira mdzukulu wawo ali kusukulu, kachipsera kokha katatsala pansi pa mphuno, ndipo ndinawalira kuchokera pansi pa mtima, chifukwa mpweya woyamba wa mwana wanga unachokera m'kamwa mwawo. Koma kuyambira tsiku la pa lole lija mpaka tsiku limene anamusoka mlomo ku Harare, sindinawasiyepo awiri okha m'nyumba. Ngakhale popita kukatunga madzi ndinkamubereka kumsana. Iwo ankaona, ndipo ankandithandiza kumanga mbereko.